Kuperekeza wodwala kuchokera kumudzi kumene wolemba mankhwala ndi mmodzi yekha

Ndimakhala ku Chibavi kuno ku Mzuzu, ndipo ndimasoka zovala pakhonde. Kwathu ndi ku Dedza, koma ndinakwatiwa kuno kumpoto. Mudzi wa amuna anga uli kutsogolo kwa Ekwendeni, kumene minibasi imakutula pamsewu wa tala, kwinako n'kumakambirana ndi anyamata a njinga zamoto. Poti ndife a m'tauni, wachibale aliyense wotumizidwa ku chipatala chachikulu amafikira kwathu, ndipo wonyamula ndowa ndi poto n'kumamutsata pambuyo ndine. Ndakhalapo gadiyani wa apongozi anga, wa alamu anga awiri, ndi wa ana a eni ake omwe sindingathe kuwawerenga. Sindine namwino. Zomwe ndikulembazi ndaziphunzira pa benchi, ndipo ndikulembera inu amene foni yanu imalira m'bandakucha, kumudzi akuti amama sanagone.

Chipatala chaching'ono cha kwa apongozi anga chili ndi wolemba mankhwala mmodzi ndi anamwino awiri. Namwino mmodzi akapita ku maphunziro kapena kumaliro, wotsalayo ndiye wa masana, ndiyenso wa usiku. Lolemba lina ndinayesa kuwerenga anthu amene anali patsogolo pathu, ndinalekera pa 80 chifukwa ena anali akulowabe pageti. Kuti munthu mmodzi awaone onsewo dzuwa lisanalowe, aliyense amupatsa mphindi zitatu, zikachuluka zinayi. Mphindi zimenezo mukhoza kuzithera pofotokoza mmene munavutikira pamsewu, kapena mukhoza kuzikonzekera muli kunyumba kuti zikukwanireni. Ine ndimakonzekera chonchi.

Dziwani amene mukulankhula naye

Kumudzi aliyense wovala zoyera timamuti adokotala, ndipo ulemu umenewo ndi wabwino. Koma inu woperekeza dziwani kusiyana kwake. Pa chipatala chaching'ono nthawi zambiri mumapeza medical assistant, yemwe amaphunzira zaka ziwiri, kapena clinical officer, yemwe amaphunzira zaka zitatu ndipo m'zipatala za maboma ndi amene amachita maopaleshoni ambiri a amayi oyembekezera. Dokotala wa digiri mumakamupeza ku chipatala cha boma kapena chachikulu. Dziko lathu linayamba kuphunzitsa lokha madokotala oterewa mu 1991, pamene College of Medicine inatsegulidwa ku Blantyre. Lero ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences. Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu 84 mwa 100 alionse amakhala kumudzi, koma madokotala ochepa omwe tili nawowo ambiri ali m'mizinda. Sindiwaweruza. Kumudzi kumasowa nyumba yabwino, magetsi, ndi sukulu yoti mwana wawo aphunzireko. Cha m'ma 2005 boma, mothandizidwa ndi Britain ndi Global Fund, linawonjezera malipiro a ogwira ntchito zaumoyo ndi 52 peresenti kuti asamathawire kunja, ndipo makoleji anayamba kutenga ophunzira ambiri. Zinathandiza, koma anthu tikuchulukana, ndiponso chimandiwawa n'choti pali anamwino omaliza maphunziro amene amakhala pakhomo kudikira kuti boma liwalembe ntchito, uku kumudzi namwino mmodzi akugwa ndi tulo.

Kudziwa izi kumakuthandizani kuti musataye tsiku podikira chinthu chomwe pamalopo palibe. Chipatala chaching'ono sichichita opaleshoni, sichiika magazi, sichijambula mafupa. Mukaona kuti matenda ndi aakulu, funsani mwaulemu koma mosazungulira: "Adokotala, izi zitheka pompano, kapena mutitumize?"

Yambani ndi mlangizi wa zaumoyo

Munthu wofunika kwambiri pa foni yanga si dokotala, ndi mlangizi wa zaumoyo wa mudzi wathu, amene ena amati HSA. Cholinga cha boma n'choti mlangizi mmodzi aziyang'anira anthu 1,000, ngakhale ambiri amasenza oposa pamenepo. M'midzi yakutali ndi chipatala alangizi ena anaphunzitsidwa kuchita kiliniki ya kumudzi, ntchito yomwe inayamba mu 2008. Amathandiza ana a miyezi iwiri mpaka zaka zisanu pa malungo, chibayo ndi kutsekula m'mimba. Amayeza malungo pachala, amapereka LA, amoxicillin, zinc ndi Thanzi ORS. Mwana wotentha thupi akaonedwa tsiku lomwelo pansi pa mtengo wa mango m'mudzi, nthawi zambiri safika pa benchi ya anthu 80 ija.

Choncho ulendo wotsatira mukapita kumudzi, musangopereka shuga ndi sopo n'kubwerera. Kaonaneni ndi mlangizi, mutenge nambala yake, mufunse masiku amene amatsegula kiliniki, ndi kumene amagona, chifukwa ena amagona kutali ndi dera lawo posowa nyumba. Nambalayo muilembe pakhoma ndi khala ngati kuli kotheka, osati m'foni ya mwana mmodzi amene mawa adzapita nayo ku Joni. Palinso Chipatala Cha Pa Foni, chomwe chinayambira ku Balaka mu 2011 pa nambala ya 54747 ya Airtel. Kumeneko amakulangizani, koma sangakuikeni dilipu. Ndimaimbako ndikafuna kutsimikiza ngati nkhani ingadikire kucha kapena ayi.

Buku ndi kapepala

Buku la kuchipatala lizikhala m'pepala la pulasitiki, la shuga lija ndi lokwanira, ndipo lizipachikidwa malo amodzi odziwika ndi onse. Munthu aliyense lake. Alamu anga ena anatenga buku la mkulu wawo poti lawo linadyedwa ndi chiswe, osadziwa kuti zimene zimalembedwa m'menemo ndi zimene wolemba mankhwala amadalira akasowa nthawi yofunsa. Iwo Bactrim amawawenga, buku la eni ake silinanene zimenezo, ndipo anabwerako milomo itatupa, thupi lonse zidzolo. Kuchokera tsiku limenelo, ndimalemba ndi bolopeni pachikuto pa buku la aliyense mankhwala amene amamuwenga ndi matenda amene amakhala nawo, monga BP, shuga, mphumu kapena khunyu. Masamba ofunika ndimawajambula pa foni, kuti buku likanyowa pa mtsinje mbiri isapite ndi madzi.

Musananyamuke, khalani pansi ndi wodwalayo mulembe kapepala. Matenda ayamba liti. Tchulani tsiku, osati "kalekale". Chikupweteka ndi pati, aloze ndi chala. Wamwa kale chiyani. Pamenepa ndi pamene anthu timabisa. Ngati anamwa Panado wa pagolosale, LA wotsala wa mwana, makapusozi ogula pamsika kapena mankhwala a zitsamba, nenani, ndipo mapaketi ake muwanyamule. Wolemba mankhwala akhoza kukwinya nkhope, koma kukwinya nkhope sikupha. Kusakaniza mankhwala osadziwa n'kumene kumapha.

Apongozi anga ukawafunsa chikuwawa n'chiyani amayankha kuti "thupi lose", n'kukhala chete. Amalankhula Chitumbuka chokha, ndipo chaka china kunabwera mnyamata wochokera kumwera, wangomaliza kumene sukulu, Chitumbuka asanachigwire. Ndinalowa nawo, n'kunena zinthu zitatu zomwe tinagwirizana kunyumba: mutu wa kumbuyo kwa khosi masiku asanu, maso kuchita chizimezime m'mawa, ndiponso mapiritsi a BP anatha mwezi wathawo. Mnyamatayo sanafunsenso zambiri, anangotenga makina n'kuwamanga pamkono. Mukhale pakamwa pa wodwala, koma musamulande mawu. Ngati ndi mtsikana kapena bambo wamkulu amene ali ndi nkhani yamseri, nenani zanu zitatuzo, kenako tulukani muwasiye awiri.

Musatuluke m'chipindamo musanamve zinthu izi: matenda ake ndi chiyani, mankhwala amwe bwanji, ndipo zikatani tibwerenso msanga. Pa windo la mankhwala bwerezani mokweza zimene akuuzani kuti akukonzeni ngati mwaphonya. LA amamwa kasanu n'kamodzi pa masiku atatu: koyamba nthawi yomweyo, kachiwiri pakatha maola 8, kenako m'mawa ndi madzulo masiku awiri otsatirawo. Amagwira bwino akamwera chakudya cha mafuta pang'ono, monga phala la nsinjiro kapena mkaka wa m'mawere. Mwana akayamba kusewera tsiku lachiwiri, mayi amafuna kusungira mng'ono wake mapiritsi otsalawo. Mukanize. Akakuuzani kuti mankhwala atha mukagule, apempheni alembe dzina ndi mlingo wake momveka bwino, ndipo mukagule ku famase yeniyeni, osati kwa wa chikwama pa depoti.

Matenda osaima pa mzere

Pali matenda oti simukhala nawo pa benchi kudikira nthawi yanu. Anthu akumudzi ndi aulemu kwambiri, amaopa kuoneka amwano, ndipo ndaonapo mayi atakhala phee kumapeto kwa mzere mwana ali lende kumsana. Mwana akakomoka kapena kugwedezeka ngati wa khunyu, akalephera kuyamwa kapena kumwa, akamasanza chilichonse, akafooka mpaka osadzuka, zikhatho zikayera mbuu, kapena nthiti za m'munsi zikamalowa m'kati popuma, pitani naye kutsogolo muuze aliyense wa yunifomu amene mwayamba kukumana naye, ngakhale wokolopa. Khanda losakwana miyezi iwiri likatentha thupi kapena kuzizira modabwitsa, musapite nalo ku kiliniki ya kumudzi, lunjikani kuchipatala.

Phunzirani kuwerenga kapumidwe. Mwana akhale phee, muvule malaya, muyang'ane pamimba, muwerenge mphindi imodzi yathunthu pa wotchi ya foni. Wa miyezi iwiri mpaka chaka akafika 50 kapena kupitirira, ndiye kuti akupuma mothamanga. Wa chaka mpaka zaka zisanu ndi 40. Usiku wina wa February, mvula ikuwomba malata moti ndinkachita kutseka khutu lina ndi chala, mkazi wa alamu anga anaimba kuti mwana wa miyezi isanu ndi itatu akubanika. Agogo ake ankati ndi chimfine, kuche kaye. Ndinamuuza kuti aike foni pa sipika, ayatse tochi, aziti "eya" nthawi iliyonse mimba ya mwana ikakwera, ine ndikuyang'ana wotchi kuno ku Chibavi. Mawu ake ankanjenjemera, ma "eya" akuthamangitsana. Tinapeza 62. Ndinati, "Mulamu, bwerezani." Tinapeza 64, ndipo anati pansi pa nthiti pakuchita dzenje. Ndinati asadikire kucha. Anamumanga kumsana, anafunda pepala lakuda pamwamba pa bulangete, wa njinga yamoto anabwera chifukwa ndinali nditamutumizira kale ndalama pa foni. Namwino amene anadzutsidwa usikuwo anamubaya jakisoni woyamba n'kulemba kalata. Mwanayo anagona pa okosijeni masiku atatu kuno ku Mzuzu. Pano ali sitandade 2.

Kwa akuluakulu, musadikire ngati kamwa yapotoka, mkono kapena mwendo wafa mwadzidzidzi, kapena mawu asokonekera. Amenewo si matsenga a munthu, kawirikawiri ndi sitiroko, ndipo maola oyambirira ndi ofunika. Wotsekula madzi oyera ngati otsukira mpunga, yambani kumumwetsa Thanzi pompo, paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi abwino, ndipo azimwa njira yonse; kolera wa 2022 ndi 2023 anatiphunzitsa kuti munthu amatha madzi m'maola ochepa. Wolumidwa ndi galu, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako mukafunse za katemera wa chiwewe tsiku lomwelo, ngakhale bala likhale laling'ono. Wolumidwa ndi njoka musamuteme mphini kapena kumumanga chingwe cholimba, asayende, munyamuleni. Chifuwa cha masabata awiri sichithamangitsa usiku, koma chimafuna kukayezetsa makhololo.

Woyembekezera asadikire matenda kunyumba

Kumene namwino ndi mmodzi ndipo msewu ndi woipa, nkhani ya mayi woyembekezera imakonzedwa miyezi isanakwane. Ayambe sikelo m'miyezi itatu yoyambirira, ndipo pa sikelo afunse funso ili: "Ine ndikachirire kuti?" Wa mimba yoyamba ali wamng'ono, amene anachitidwapo opaleshoni, wa mapasa, wa BP, ndi amene wabereka kambiri, nthawi zambiri amauzidwa kuti akachirire kumene kuli fiyeta, chipinda chochitira opaleshoni. Akanena choncho musatsutse poti agogo ake anabereka ana khumi pakhomo. Mwezi wachisanu n'chinayi ukayamba apite kuchidikiro, ndipo banja ligwirizane msanga amene akasamale ana otsala ndi munda, chifukwa chimene chimabweza amayi kuchidikiro si china koma nkhawa ya pakhomo.

Zipatala za mishoni zomwe zili pansi pa CHAM, monga Ekwendeni, Embangweni ndi St John's, zimalipiritsa, koma kuyambira cha m'ma 2006 boma limapangana ndi zambiri mwa izo kuti amayi oyembekezera ndi makanda a m'dera lozungulira azithandizidwa osalipira. Funsani pa sikelo ngati mudzi wanu uli m'pangano limeneli chaka chimenecho, musanayambe kugulitsa mbuzi.

Chikwama chikhale chomanga kale: zitenje zingapo zochapa, beseni, pepala lakuda, sopo, tochi, chipewa ndi masokosi a mwana. Ine zitenje ndi timalaya ndimasoka ndekha n'kutumiza mwezi wachisanu n'chiwiri. Akataya magazi, mutu ukamuwawa kwambiri nkhope itatupa, akaona chizimezime, nsupa ikasweka matenda asanayambe, kapena mwana akasiya kusewera m'mimba, nyamukani ola lomwelo. Musadikire kuti amalume kapena apongozi abwere adzalole. Chilolezo chimenecho chiperekedwe pasadakhale, pamaso pa onse.

Mayendedwe ndi kalata

Ambulansi imodzi imatumikira zipatala zingapo, ndipo nthawi ya kusowa kwa mafuta imatha kuima. Iitanitseni, koma musaike mtima wonse pa iyo. M'banja mwathu tili ndi nambala ziwiri za anyamata a njinga zamoto amene amadzuka usiku, ndi imodzi ya bambo wa kagalimoto konyamula chimanga. Mitengo tinakambirana masana kuli bata, chifukwa mtengo wa 2 koloko usiku munthu akubuula umakwera kawiri. Mwezi uliwonse ife a m'tauni timaponya kangachepe pa Mpamba kapena Airtel Money ya munthu mmodzi wokhulupirika, ndipo ndalama imeneyo si ya fetereza, si ya fizi, si ya chinkhoswe. Amayi a ku banki m'khonde ali ndi thumba la zadzidzidzi, nalonso limabwereketsa msanga. Wodwala wofooka asakwere njinga yekha: akhale pakati, wina kumbuyo, mumumange ndi chitenje kwa woyendetsa. Kuno mvula imachedwa kusiya, mpaka April misewu ya dothi imakhala yoterera, ndiye wa matenda okhalitsa ndi bwino abwere m'tauni mitsinje isanadzaze.

Musanyamuke opanda kalata yotumizira. Mzuzu Central, ku Luwinga kuja, inatsegulidwa mu 2000 ndi thandizo la Taiwan, ndipo imalandira odwala ochokera ku Chitipa, Karonga, Rumphi, Nkhata Bay, Likoma ndi Mzimba yense. Ndi chipatala cha otumizidwa. Ngati mwangobwera nokha ndi matenda osathamangitsa, yambirani ku chipatala cha Mapale m'tauni, iwo ndiwo aone ngati n'koyenera kukutumizani. Kalata muiwerenge musanachoke kumudzi. Ionetse zimene apeza, mankhwala amene apereka kale ndi nthawi yake. Makiliniki a madokotala a ukatswiri amakhala ndi masiku awo, choncho pemphani wolemba kalatayo, kapena wachibale wa m'tauni, afunse tsiku loyenera. Ndalandirapo nkhalamba itathera ndalama zonse pa ulendo, n'kupeza kuti kiliniki yake inali dzulo. Anakhala kwathu sabata yathunthu. Kwa amene alibe wachibale m'tauni, sabata imeneyo ndi njala.

Ku wodi

Gadiyani akhale mmodzi wamphamvu, womva zinthu, osati gulu la anthu asanu odzadya ufa wa wodwala. Anyamule mphasa, ndowa, beseni, sopo, poto, mthiko, ufa, nyemba, makala, kapu, supuni ndi chaja. Obwera kuchokera kunyanja amaiwala kuti Mzuzu amazizira. June ndi July kumachita nkhungu ndi kamvula kowaza, ndiye bulangete ndi juzi zisatsale. Ku wodi namwino mmodzi amayang'anira mabedi ambiri, choncho kusambitsa, kudyetsa, kutembenuza wodwala kuti asachite zilonda, ndi kuyang'ana dilipu ngati yatha kapena dzanja latupa, zonsezo ndi zanu.

Chinthu chimodzi chomwe agadiyani atsopano amaphonya ndi raundi ya m'mawa. Madokotala amazungulira kamodzi, ndipo nthawi imeneyo ndi imene ambiri amakhala ali kukhitchini kupemerera moto wa phala. Phikani m'mamawa kwambiri kapena raundi ikatha. Ngati akutulutsani panja pa nthawiyo, imani pafupi ndi khomo, ndipo akangomaliza funsani namwino zimene zanenedwa. Ine ndimayenda ndi kope: tsiku, zimene anena, magazi amene atenga, zotsatira zabwera kapena ayi. Kangapo konse kope limeneli lakumbutsa anthu otopa kuti zotsatira zina sizinatengedwe ku labu. Funsani modzichepetsa, kamodzi, pa nthawi yoyenera, ndipo mutchule dzina la wodwala ndi bedi lake. Akanena kuti pakufunika magazi, itanani achibale athanzi akapereke; nkhokwe ya magazi imadzadza ndi anthu ngati ife tomwe.

Potuluka, m'buku alembe matenda amene apeza, mankhwala opitiriza, tsiku lobwereranso, ndi kumene muzikatenga mankhwalawo. Funsani ngati amapezeka ku chipatala chaching'ono cha kwanu, chifukwa ena sapezeka, ndipo ndi bwino kudziwa muli m'tauni momwe muli mafamase. Mukafika kumudzi kaonetseni bukulo kwa wolemba mankhwala ndi kwa mlangizi. Apongozi anga anasiya mapiritsi a BP kawiri konse poti ankamva bwino, ndipo kachiwiriko anagwa pamtondo. Tinasonkherana n'kugula makina oyezera BP a mabatire. Mdzukulu wawo wa fomu 3 amawayeza Lamlungu lililonse akaweruka ku tchalitchi, amalemba m'kope, n'kunditumizira chithunzi pa WhatsApp. Pano anthu ena anayi a m'mudzimo amabwera kudzayezetsa pakhonde pomwepo. Kopelo likafika pa tebulo la adokotala, amangotsegula n'kuona miyezi itatu pa tsamba limodzi.

Kusunga amene muli naye

Wolemba mankhwala amene ali kumudzi kwanu akhoza kupempha kuchoka, ndipo akachoka pamatha miyezi malo ali opanda munthu. Ndaona zimenezi kawiri. Anthu ake ndi omwewa, ana a anzathu, ambiri aang'ono kuposa ana athu oyamba. Usiku mugogodereni pa zoopsa ndatchula zija, ndipo musachite manyazi kutero. Koma zipere, msana wa chaka chatha ndi kulera zidikire m'mawa. Kiliniki ya BP, ya ma ARV ndi sikelo zili ndi masiku ake. Sungani masikuwo, ndipo mufike m'mawa. Lolemba ndi tsiku lotsatira holide kumadzadza kwambiri, ngati matenda akulola sankhani pakati pa sabata.

Sindikunena kuti muzingovomera chilichonse. Namwino wina anawakalipira apongozi anga pagulu chifukwa anataya tsiku lobwerera, mpaka nkhalamba inalira, ndipo inakana kupitanso miyezi iwiri. Zinandipweteka kwambiri. Sindinakalalate pa Facebook. Ndinapita kwa wapampando wa komiti ya chipatala, ija imakhala ndi anthu a m'midzi yozungulira, ndinafotokoza tsiku, nthawi ndi mawu amene ananenedwa. Anakambirana, ndipo ulendo wotsatira namwinoyo anawalonjera m'Chitumbuka n'kuwapatsa mpando. Ndinamva pambuyo pake kuti tsiku lija anali atachezera ndi amayi awiri ochira. Kutopa sikupereka ufulu wonyoza nkhalamba, koma ndinamvetsa kumene ukali unachokera. M'zipatala za boma muli ofesi ya ombudsman yolandira madandaulo, ndipo wina akakuuzani kuti mulipire mankhwala kapena malo pa mzere pa chipatala chaching'ono cha boma, kaneneni kumeneko, chifukwa thandizo la pamenepo ndi laulere.

Mukafuna kupempha wogwira ntchito wina, musangodandaula pa maliro. Komiti, amfumu ndi khansala alembe kalata ku ofesi ya zaumoyo ya boma lanu; kwa ife a Mzimba North ofesiyo ili konkuno ku Mzuzu. M'kalatamo muikemo manambala ochokera m'kaundula wa chipatala: odwala angati pa tsiku, amayi angati amachira pa mwezi, mtunda wokafika ku chipatala chotumizirako. Ndinaperekeza wapampando wathu kukatula kalata yotero, ndipo funso loyamba limene anatifunsa linali lakuti, "Tikakutumizirani munthu, akagona kuti?" Tinayang'anizana. Nyumba inalipo imodzi yokha, ndipo anamwino awiri aja ankagawana zipinda.

Chaka chathachi midzi isanu ndi umodzi inaumba njerwa za nyumba ina ya ogwira ntchito pachipatalapo, mudzi uliwonse uvuni wake, achinyamata anatuta mchenga kudambo, ife a m'tauni tinasonkha za simenti. Khoma lafika pa lintala. Malata tapempha ku khonsolo kudzera kwa khansala, ndipo amfumu amapita kukakumbutsa mwezi uliwonse. Ine ndinayeza kale mawindo ndi tepi yanga yosokera, anayi a kutsogolo ndi awiri a kumbuyo, ndipo makatani ake ndamaliza dzulo. Ali m'chikwama pansi pa mashini, ndidzapita nawo Loweruka pamodzi ndi mapiritsi a apongozi a miyezi itatu.